Menno Wigman ndi maliro opanda wolira

Nabanda (Haarlem):
Moni nonse. Sabata yatha aphunzitsi anadandaula kuti pagulu pano timangozungulira alakatuli omwewomwewo, ndiye lero ndabwera ndi mlendo. Dzina lake ndi Menno Wigman, Mdatchi. Anabadwira ku Beverwijk mu 1966, anamwalira ku Amsterdam pa 1 Febuluwale 2018 ali ndi zaka 51.

Ine ndinamudziwa mwangozi. Mayi amene amatiphunzitsa Chidatchi madzulo anatibweretsera ndakatulo yake imodzi kuti tiphunzirepo manambala ndi mayina a zinthu za m'nyumba, poti muli mafoloko, masipuni, nsapato ndi zingwe zake. Tinayamba tikuseka ndi katchulidwe kathu kopotoka. Pofika pakati kalasi yonse inangoti zii. Mutu wake ndi "Bij de gemeentekist van mevrouw P.", kutanthauza pambali pa bokosi la khonsolo la mayi P. Mayiwo anafa ndi zaka 83, ndipo pamaliro awo sipanabwere mbale kapena mnansi. Wigman sankawadziwa. Ndiye m'malo mowatamanda anangoyamba kuwerengera: kupesa tsitsi tsiku ndi tsiku zaka zonsezo, nsapato zimene anayenda nazo mumzinda, ziwiya zimene anadyera. Atatha apo nkufunsa kuti nanga anthu ali kuti.

Ntchito yanga kuno ndi yosamalira okalamba. Tsitsi lotero ndimalipesa m'mawa uliwonse. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Tadala265:
Dikirani kaye achemwali. Ngati sankawadziwa, pamaliropo anakafikapo bwanji? Amangoyendayenda kumanda kusaka nkhani?

Nabanda (Haarlem):
Ayi, ndi dongosolo lokhazikika. Lamulo la kuno ku Holland limati munthu akafa popanda womuika, udindowo ndi wa khonsolo ya mzinda. Imagula bokosi, imapeza onyamula, imalipira manda. Kale zinkathera pomwepo. Ndiye mlakatuli wina wa ku Groningen, Bart FM Droog, anaganiza kuti munthu asamalowe m'nthaka popanda liwu ndi limodzi lomwe. Mu 2002 mlakatuli wina, F. Starik, anayambitsa zomwezo ku Amsterdam. Amazitcha De Eenzame Uitvaart, maliro a munthu yekha. Starik anasonkhanitsa gulu la alakatuli nkulipatsa dzina loti Poule des Doods, tinene kuti gulu la imfa, ndipo amasinthana. Akhonsolo akalephera kupeza abale, uthenga umafika, mlakatuli amapatsidwa zochepa zimene zadziwika, mwina dzina, zaka, msewu umene ankakhala ndi mmene anamupezera. Masiku owerengeka okha, alembe. Tsiku la maliro amaima pambali pa bokosi nkulakatula, kumaimbidwa nyimbo, nkuperekeza mpaka kudzenje. Ambiri amaikidwa kumanda a Sint Barbara. Starik ankalembanso lipoti la maliro aliwonse, mpaka za nyengo ndi za khofi amene amamwa pambuyo pake. Ku Antwerp, dziko la Belgium, Maarten Inghels anatengerako mu 2009.

Wigman anali mmodzi wa gululo.

aMbewe (Chipata):
Mwana wanga Nabanda, zikomo potibweretsera nkhani. Koma ine zandiwawa mumtima, ndipo sindikuona chotamandika. Adatchi omwewa si amene anatiphunzitsa Mawu ku Magwero ndi ku Madzimoyo? Lero afika poti gogo wa zaka 83 akuikidwa ndi anthu otumidwa, popanda mbusa, popanda amayi ogona pa siwa? Ndakatulo ndi chigamba chabe pamenepo. Mudzi ukalephera ntchito yake, suitana munthu wa luso la pakamwa kuti abise manyazi. Kulira maliro ndi kwa amene anadya naye, anakangana naye, anabwerekana naye mchere. Mlendo alira chiyani?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Bambo Mbewe, ndikonzeko pang'ono ndisanalowe m'nkhani. Amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Magwero mu 1899 anachokera ku South Africa. Mpingo wawo unali ndi dzina la Dutch, koma sanakwere sitima ku Amsterdam. Tisawasenzetse a ku Holland mlandu wa kubwerera m'mbuyo pa zimene sanatilalikire.

Funso lanu lenileni ndi lolemera, ndibwereranso.

Nesi wa ku Leeds:
Pepani bambo, ndiyankhula mosapsatira. Ndisanabwere kuno ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi pachipatala china chachikulu kumudzi. Mitembo yosowa abale inalipo, ndipo tonse tikudziwa amene ankabwera kudzaitenga: akaidi. Palibe nyimbo, palibe nkhata, palibe mbiri ya malemu. Ndikukumbukira bambo wina amene anakhala mu wodi mwathu milungu itatu, ankandiitana kuti "mdzukulu", ankapempha phala lothira shuga wambiri. Atamwalira analengeza pawailesi, palibe anabwera. Tsiku lomwe anamutenga ine ndinali pa ntchito ya usiku, ndinangomva m'mawa. Wina akanaima pamenepo nkunena ngakhale za phala lakelo, ine sindikanati ndi chigamba. Kunonso ku England makhonsolo amaika anthu otere mwakachetechete. Vutoli lili paliponse, kusiyana kwake nkwakuti ku Amsterdam wina anachita nalo manyazi mpaka kuchitapo kanthu.

aMbewe (Chipata):
Za akaidi ndazimva, ndipo nzoona. Kunonso zimachitika. Koma sindinasinthe maganizo pa mlendo wolira.

Tadala265:
Ine vuto langa ndi lina. Monga munthu amene ndimalembako, ndikudziwa mtima wa mlakatuli: tikaona tsoka la wina, mbali ina ya mutu imayamba kale kusankha mawu. Gogoyo sanapemphe ndakatulo. Mwina anali munthu wosafuna anthu, anadzitsekera dala. Lero dzina lake, ngakhale ndi chilembo chimodzi, lili m'buku limene likugulitsidwa, ndipo wotchuka ndi Wigman. Ndangowerenganso kuti anakakhala miyezi itatu kuchipatala cha amisala nkutulukako ndi buku. Kodi ameneyu si munthu wokolola m'minda ya ovutika?

Nabanda (Haarlem):
Tadala, zoti anakakhala kuchipatala nzoona. Munali mu 2005, ku Willem Arntsz Hoeve m'mudzi wa Den Dolder, komwe amalandira alembi ndi aluso ena kuti akhale nawo kwa kanthawi. Buku lake la zochitika tsiku ndi tsiku, Het gesticht, linatuluka mu 2006. Koma dziwaninso kumene anakulira. Ndi ku Santpoort, mtunda wongopalasa njinga kuchokera pomwe ndikukhala pano, ndipo pafupi pomwepo panali chipatala chachikulu cha odwala maganizo chimene chinatsekedwa. Mwana wokulira pamenepo amakumana nawo odwalawo pamsewu. Nkhani ya misala sanakaitole ali wamkulu ngati wokaona malo, inali pakhomo pake.

Za kukolola, inenso ndinadzifunsa. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi ndakatulo yeniyeniyo. Sanamizire kuti ankawakonda mayiwo. Sanawapekere ana, sanawapekere ubwino. Ananena zokhazo zimene munthu aliyense wa zaka 83 anachitadi. Ife pamaliro timaimirira nkunena kuti malemu anali munthu wabwino, wokonda anthu, pomwe dzulo lake tinkamudutsa osamupatsa moni. Pa awiriwa wonama ndani?

Che Jafali (Joni):
Apo mwalasa, achemwali.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Tsopano ndilowe. Ndili ndi buku la ndakatulo zake zomasuliridwa m'Chingerezi ndi David Colmer, Window-cleaner Sees Paintings, la 2016. Mwana wa mlongo wanga ananditumizira. Chidatchi sindichidziwa, choncho ndimamvera pa YouTube iye akulakatula, buku lili m'manja. Chinthu choyamba chimene khutu limagwira ndi kugunda. Mizere yake yambiri ili ndi maphatikizo khumi, lofooka kenako lamphamvu, lofooka kenako lamphamvu, kasanu. Ndi kayendedwe kakale ka ndakatulo za ku Ulaya, kamene anzake ambiri a msinkhu wake anali atakasiya. Iye anakagwiritsitsa. Ndipo musadabwe: ali mnyamata ankaimba ng'oma m'magulu a nyimbo za punk, zija zaphokoso. Woimba ng'oma sataya sitepe.

Chimene chimandisangalatsa ndi zimene amathira m'chikombole chakalecho. Munthu ukamva kugunda kwaulemu kotero umayembekeza maluwa ndi mwezi. Iye amakupatsa sitolo, msewu wonunkha, bedi la hotela, mowa wa dzulo. Buku limene linamutchukitsa mu 1997 mutu wake ndi 's Zomers stinken alle steden, m'chilimwe mizinda yonse imanunkha. Amene anadutsapo pa msika waukulu mu Okutobala sangatsutse. Ali ndi ndakatulo ina imene imayamba ndi chisoni cha m'mashopu opangira fotokope. Taganizani! Tonse tinaimapo pamzere umenewo, satifiketi ili mu envulopu yakhaki, tikuchulukitsa makalata ofunsira ntchito amene sadzayankhidwa. Ine zaka zonsezi sindinaganizepo kuti pamenepo pali ndakatulo.

Izi sanazitole pamsewu pokha. Anali womasulira wakhama: Baudelaire ndi Nerval kuchokera ku Chifalansa, Rilke ndi Else Lasker-Schüler kuchokera ku Chijeremani. Anaphunzira ntchito pomasula makina a ena nkuwamanganso. Ndipo sanali wotulutsa mabuku chaka ndi chaka. Zwart als kaviaar mu 2001, limene linapata mphoto ya Jan Campert, Dit is mijn dag mu 2004, kenako zaka zisanu ndi zitatu mpaka buku lalikulu lotsatira. Ana anga a Fomu 4 amalemba ndakatulo zitatu pa nthawi ya buleki.

Tsono bambo Mbewe, yankho langa kwa inu lili apa. Adzukulu akamakumba manda salira. Ena amaseka kumene, amatafuna nzimbe. Koma dzenje likapotoka timati anyoza malemu. Ulemu wawo uli m'kuwongoka kwa dzenjelo. Ine Wigman ndimamuona ngati mdzukulu. Misozi si gawo lake. Gawo lake ndi mzere wowongoka.

aMbewe (Chipata):
Aphunzitsi, fanizo lanu ndi lokoma, koma adzukulu ndi a m'mudzi momwemo. Mawa iwonso adzakumbiridwa ndi ana a malemuyo. Ndi ngongole yobwezana. Mlakatuli wanuyu abwezeredwa ndi yani?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Pamenepo mwandigwira. Palibe womubwezera. Mwina nchifukwa chake ena aife zikutikhudza.

Tadala265:
Aphunzitsi, buku la pambuyo pa zaka zisanu ndi zitatulo ndi liti? Komanso kugunda kwa maphatikizo khumiko kungatheke m'Chichewa? Ndinayesapo zofananitsa mawu kumapeto kwa mizere, zinkangomveka ngati nyimbo ya ana a sukulu ya mkaka.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Ndi Mijn naam is Legioen, la 2012. Bambo Mbewe alizindikira msanga.

Za kugunda, usadzivute. Chidatchi chimamenya phatikizo limodzi mwamphamvu m'liwu lililonse. Chichewa chimakweza ndi kutsitsa liwu, nkukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Ukakakamiza kayendedwe kawo m'chinenero chathu uthyola miyendo ya mawu. Ndiponso mawu athu onse amathera pa a, e, i, o, u, ndiye kufananitsa mathero nkosavuta mopitirira, nchifukwa chake kumamveka kwachibwana. Chotengera kwa iye ndi mwambo wodziikira malire nkuwasunga. Malire akewo upeze a m'chinenero chako.

aMbewe (Chipata):
Marko 5 ndime 9. "Dzina langa ndine Legio, chifukwa tili ambiri." Munthu uja ankakhala kumanda, wosamangika ngakhale ndi unyolo, ankafuula usiku ndi usana nadzitema ndi miyala. Hmm. Ndiye mlakatuli wanuyu anasankha dzina la wamisala wokhala kumanda? Ameneyu Buku ankalidziwa. Kaya ankapemphera kaya ayi, koma ankadziwa pamene waima.

Nabanda (Haarlem):
Ndipo "tili ambiri" ndi mmene bukulo lilili. Amayankhula ndi pakamwa pa anthu ena, monga wotsuka mawindo uja wa pamutu wa buku la aphunzitsi. Chaka chomwecho cha 2012 anamusankha kukhala stadsdichter wa Amsterdam, mlakatuli wa mzinda, udindo wa zaka ziwiri wolemba ndakatulo pa zochitika za mumzindamo. Amene anamusiyira mpandowo ndi Starik yemwe uja.

Che Jafali (Joni):
Ndakhala ndikungowerenga, tsopano ndinene zanga. Ine za ndakatulo sindidziwa, ndinalowa gulu lino chifukwa cha mlamu wanga. Koma za maliro a kuchilendo ndimazidziwa bwino, ndine msungichuma wa kagulu kathu kosonkha. Munthu akatisiya kuno timayenda khomo ndi khomo, wina R50 wina R100, mpaka thupi likwere galimoto kupita kumudzi. Timanyadira zimenezo.

Chaka china kunali mnyamata tinkangomuti Mangochi, poti ankati kwawo ndi kumeneko. Ankagwira ya m'garden, ankakhala kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana wake. Anadwala masiku anayi basi. Titapita kukatenga katundu tinapeza alibe pasipoti, alibe chiphaso chilichonse, foni yokiya. Tinatumiza chithunzi chake m'magulu onse a WhatsApp, ku Mangochi, ku Machinga, mpaka ku Mandimba. Miyezi iwiri. Palibe anati ndi wathu. Ndalama tinali nazo, koma thupi ungalitumize kuti? Ndipo popanda mapepala sakupatsa. Anaikidwa ndi boma. Tsiku lake sitinauzidwe. Sitinamusambitse, sitinamuswalire.

Ndiye bambo Mbewe, mukamati mlendo alira chiyani, ine ndikuti ife sitinali alendo kwenikweni koma dzina lake lenileni sitinkalidziwa. Ndimadya naye nsima Lamlungu lililonse. Kusiyana kwa ine ndi Mdatchi uja nkochepa kuposa mmene mukuganizira.

aMbewe (Chipata):
Pepani Che Jafali. Pepani ndithu. Ndilibe mawu.

Nesi wa ku Leeds:
Pepani achimwene. Nabanda, tatiuzani, iyeyo anafa bwanji pa zaka 51? Ndi wamng'ono.

Nabanda (Haarlem):
Mtima. Mu 2014 anadwala mwakayakaya mpaka kugonekedwa m'chipinda cha odwala kwambiri. Anali ndi nthenda yosowa imene imatchedwa ndi dzina la Loeffler, anesi mukuidziwa bwino kuposa ine. Anatulukamo koma thanzi silinabwerere. Ndakatulo za nthawi imeneyo zili m'buku lake lomaliza, Slordig met geluk, la 2016. Munthu amene zaka zonse ankalemba za imfa ngati akuinyogodola, tsopano anali ataigwira m'manja, ndipo liwu lake linasintha. Muli thupi lolephera, muli bedi la chipatala, muli kuwerenga masiku.

Mutu umenewu unativuta m'kalasi. Slordig ndi munthu wosasamala, wotayirira, uja amasiya zovala paliponse. Koma geluk ndi mawu amodzi onyamula zinthu ziwiri, mwayi ndi chimwemwe. Adatchi sasiyanitsa. Ndiye kaya tinene kuti wotayirira ndi mwayi, kaya wosasamala chimwemwe.

Tadala265:
"Kuseweretsa mwayi." Ndi mmene agogo anga akananenera.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Ndi zabwino, koma chimwemwe chatayika. Ndipo kuseweretsa kuli ndi dala mkati mwake, pomwe kutayirira ndi chibadwa chabe, munthu sachita kufuna. Ine ndikanati "Mwayi m'thumba lobooka", ngakhale pamenepo ndayamba kulemba yanga.

Nesi wa ku Leeds:
Ya Loeffler ya mtima imabwera maselo ena oyera a m'magazi akachuluka mopitirira nkuyamba kuwononga khungu la mkati mwa mtima. Mtimawo umauma, sutambasuka bwino kuti ulandire magazi. Munthu amangotopa, kupuma movutikira, miyendo kutupa. Pa ntchito yanga yonse ndinakumana nayo kamodzi.

Nabanda (Haarlem):
Chimene chinadabwitsa anthu kuno nchakuti patangotha milungu isanu ndi umodzi, pa 16 Malichi 2018, Starik nayenso anamwalira, ali ndi zaka 59. Alakatuli awiri a mzinda, wosiya mpando ndi wolandira, m'nyengo imodzi. Ntchito ya maliro ija sinafe nawo. Mlembi wina, Joris van Casteren, ndi amene anaitenga ku Amsterdam. Amafufuza moyo wa malemu, amapita kukagogoda kwa oyandikana nawo, nkulemba zimene wapeza.

Tadala265:
Chabwino, za kukolola ndabweza theka. Theka linalo ndisunga, chifukwa ndikadali ndi funso loti munthu wosafuna anthu ali moyo, tili ndi ufulu wanji womupatsa anthu atafa. Koma Che Jafali, m'kachipinda ka Mangochi munapezamo chiyani? Ngati sikukuvutani kunena.

Che Jafali (Joni):
Sizambiri. Mabulangete awiri. Poto mmodzi ndi mthiko woti anachita kusema yekha, poti ya kuno ankati siyitakasa bwino. Ufa theka la paketi. Wailesi yaing'ono. Malata asanu ndi atatu atsopano ataimika kuseri kwa chitseko, ndiye kuti kwinakwake kunali nyumba ikudikira denga. Nsapato za mwana, zapinki, zikadali m'pepala lake la kushopu.

Tadala265:
Achimwene, imeneyo ndi ndakatulo kale. Ingoikani mzere uliwonse pawokha.

Che Jafali (Joni):
Ayi, ine si mlakatuli. Malata tinagulitsa, ndalama zinalowa m'thumba la gulu. Nsapatozo zili kwa ine mpaka pano, sayizi 9 ya ana. Mwanayo pano ndiye kuti anakula, sizingamukwanenso.